Nyanja ikudya gombe: momwe mudzi ungalowetsere nkhaniyi mu pulani ya khonsolo

Chidzadzireni Nyanja ya Malawi mu 2024, funso limene ndakhala ndikulandira kuchokera kwa a makomiti a chitukuko, mafumu ndi makhansala a m'mbali mwa nyanja ndi limodzi lomweli: madzi akutilanda gombe, tikadandaule kwa ndani? Ena amafunsa atalemba kale kalata kwa bwanamkubwa, ena atapita kwa phungu, ena atajambula nyumba zakugwa n'kuziponya pa WhatsApp. Njira zonsezi zikayenda bwino zimabweretsa ufa, mabulangete ndi mapepala apulasitiki ofolera. Sukulu, mjigo ndi chimbudzi cha padoko zimakhalabe pomwepo, kudikira madzi a chaka china. Zinthu zotere zimasunthidwa ndi pulani ya chitukuko ya khonsolo pamodzi ndi bajeti yake, ndipo khomo lolowera m'menemo lili pamudzi panu pomwepo. Ndalemba pano ndondomeko yonse kuti wofuna aziwerenga yekha.

Ntchitoyi iyambeni pakati pa Ogasiti ndi Novembala, nyanja ikamaphwa. Zizindikiro za pamene madzi anafika zimakhala zikuonekabe, anthu mitima yatsikako, ndipo khonsolo imakhala isanamange bajeti ya chaka chamawa.

1. Dziwani kaye chimene chikudya gombe lanu

Makomiti ambiri amalemba kuti "vuto ndi kusintha kwa nyengo" n'kuthera pomwepo. Mawuwa ndi oona, koma injiniya wa kukhonsolo sangawerengere simenti kapena mbande pa mawu amenewo. Muyenera kusiyanitsa zinthu zitatu.

Choyamba ndi kukwera kwa madzi. Nyanja yathu imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi chaka chilichonse: imadzadza cha mu Epulo ndi Meyi, n'kuphwa cha mu Novembala ndi Disembala. Pamwamba pa kayendedwe ka chaka ndi chaka kameneka pali kena ka zaka zambiri. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutulutsa madzi. Cha mu 1980 inakwera kudutsa mamita 477 kuyezera pa nyanja ya mchere. Cha mu 1997 inatsikanso kufika pa mamita pafupifupi 473, ndipo mu 2024 inadutsa 476. Nyumba zambiri, malo ogona alendo ndi misika ya nsomba imene inamira ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota inamangidwa m'zaka zimene madzi anali kutali. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chimene kusintha kwa nyengo kwawonjezera n'chakuti mvula ikubwera yambiri pa nthawi yochepa, anamondwe onga Ana ndi Gombe mu 2022 ndiponso Freddy mu 2023 akutsatizana pafupipafupi, moti za makedzana zokha sizikukwananso kutiuza za mawa.

Chachiwiri ndi mafunde. Mwera umayamba cha mu Meyi, nthawi yomweyo imene nyanja yadzadza. Madzi odekha amanyowetsa khoma pang'onopang'ono, koma mafunde a mwera amakumba pansi pa maziko usiku umodzi. N'chifukwa chake nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja zimagwa mvula itatha kale.

Chachitatu ndi mitsinje ndi manja athu. Kumene bango linatenthedwa kuti pakhale dimba kapena malo osambira alendo, kumene mathirakitala ndi ngolo zimatapa mchenga tsiku ndi tsiku, gombe limatha msanga ngakhale nyanja isanakwere kwambiri. Pamathiriro a mitsinje vuto limachokera mbali ziwiri, chifukwa nyanja ikadzadza mtsinje umasowa kotsanulira n'kubwerera m'midzi. Anthu a ku Dwangwa anaona madzi osefukira kumayambiriro kwa 2024.

Pamsonkhano padzaimirira munthu wonena kuti vuto lonse ndi mageti a ku Liwonde. Musamunyoze, koma mumuyankhe. Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965, imawongoladi madzi olowa kumunsi kwa Shire, komwe kuli makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Koma madzi ochuluka a m'nyanja amachoka ndi dzuwa, ndipo ochuluka olowa amachokera ku mvula ya kumpoto ndi ya ku Tanzania. Kutsegula mageti mopyola muyeso kumamiza anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje nyanja isanatsike n'komwe mokwanira. Mudzi umene wamanga chiyembekezo chake pa magetiwo ulibe pulani.

2. Sonkhanitsani umboni mudzi wonse ukuona

Sankhani tsiku, muyende gombe lonse la mudzi wanu kuchokera malire mpaka malire. Pakhale a VDC, yomwe ndi komiti ya chitukuko ya m'dera la gulupu, a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene ambiri tinazolowera kuitchula VCPC, a BVC, komiti ya asodzi ya padoko, anyakwawa, mlangizi wa boma mmodzi kapena awiri, ndiponso agogo awiri atatu amene anaona madzi a 1980 ndi maso awo. Amayi oyanika ndi kugulitsa usipa asatsale. Iwo ndiwo amadziwa kuti thandala lawo alisuntha kangati.

Agogowo akuonetseni mtengo, mwala kapena chulu pamene madzi anafika kalelo. Ena akuonetseni pamene anafika mu 2024: mzere wa matope pakhoma, mitengo youma chiimire, maziko otsala. Paliponse khomani chikhomo cholimba kapena pakani penti pa chinthu chosasuntha. Jambulani ndi foni, ndipo chithunzi chilichonse chikhale ndi tsiku ndi dzina la malo m'kope la komiti.

Kenako sankhani malo atatu kapena anayi oyezera mpaka kalekale. Kuchokera pa mtengo waukulu kapena pangodya ya nyumba ya njerwa zootcha, yezani ndi tepi kufika pa chiphompho pamene nthaka ikugumuka. Pano ndi pamene ambiri amaphonya: amayeza kufika pamene pali madzi tsikulo. Madzi amasuntha mwezi ndi mwezi. Chimene chikukuuzani kuti nthaka yapita ndi chiphomphocho. Muziyeza kawiri pachaka, mu Juni ndi mu Novembala, pamalo omwewo. Zaka ziwiri za manambala oterewa zimamveka kukhonsolo kuposa kalata yodandaula ya masamba khumi.

3. Pezani mzere wa 477

Bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno la NWRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, lakhala likuchenjeza kuti pasamamangidwe kanthu kunsi kwa mzere wa mamita 477. Anthu ambiri akamva zimenezi amayesa kuti ndi mamita 477 kuchoka pamadzi kupita kumtunda. Ayi. Nambalayi ikunena za kukwera kwa nthaka. Pagombe la miyala lotsetsereka kwambiri, ngati madera ena a ku Nkhata Bay, mzerewu ungathe kukhala masitepe ochepa kuchoka pamadzi. Pagombe lathyathyathya ungalowe mkati mwa mudzi. Taganizani: ngati nthaka ikukwera mita imodzi pa mamita 80 aliwonse, nyanja ikakwera ndi mita ndi theka yatenga mamita 120.

Mungathe kuupeza mzerewu mongoyerekeza musanaitane katswiri. Funsani ku ofesi ya zamadzi ya paboma kuti nyanja ili pa mlingo wanji sabata imeneyo. Tinene kuti akuuzani 475.2. Ndiye kuti mzere wanu uli pamene nthaka yakwera ndi mamita 1.8 kuchokera pamadzi. Pitani m'mawa kuli bata, khomani chikhomo pamene madzi alekezera, ndipo muzikwera ndi levulo ya payipi yoonekera mkati imene amisiri omanga amagwiritsa ntchito, kapena levulo ya chingwe imene alangizi a zaulimi amayezera akalozera. Munthu mmodzi agwire ndodo yolembedwa masentimita kunsi, wina kumtunda, muziphatikiza kusiyanako mpaka mutakwanitsa 1.8. Chitani chimodzimodzi pamalo angapo, mulumikize zikhomozo.

Musadalire nambala ya kukwera kwa malo imene foni imaonetsa. Imatha kuphonya ndi mamita angapo, pamene nkhani yonseyi ikulimbana ndi mita imodzi. Ndipo kumbukirani kuti mafunde a mwera amadutsa mlingo wa madzi odekha, choncho kumene gombe layang'anizana ndi mphepo onjezeranipo malo.

Mzere wanuwo ndi wokuthandizani kukambirana. Wogwira ntchito pamlandu kapena pokaniza munthu kumanga ndi wa akatswiri oyeza malo a boma. Lembani pempho loti adzautsimikizire n'kuikapo zipilala za simenti, ndipo pempholi likhale chinthu choyamba mu pulani yanu, chifukwa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zina zonse.

4. Lembani zonse zimene zili kunsi kwa mzere

Jambulani mapu pansi, pamchenga, aliyense athirepo ndemanga, kenako muwakopere papepala lalikulu. Muikemo nyumba ndi chiwerengero cha anthu ake, kusiyanitsa okalamba, aulumali ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana. Muikemo sukulu, tchalitchi, mzikiti, manda, mijigo, zitsime, misewu, milatho, matandala, minda ya mpunga ndi chinangwa, komanso malo ogona alendo ndi nyumba za anthu a m'tauni zimene zimakhala zotseka chaka chonse.

Zimbudzi ziwerengeni chimodzichimodzi. Chimbudzi chokumba pamchenga madzi akakwera chimadzadza kuchokera pansi, zonyansa n'kulowa m'zitsime ndi m'nyanja momwe ana amasamba. Kolera amene anayamba mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Mukaonetsa mapu a zimbudzi ndi mijigo, mkulu wa zaumoyo paboma amasanduka mnzanu pa nkhaniyi, ndipo mawu ake kukhonsolo ndi olemera.

5. Gawani: chotchinjiriza, chokweza, chosamutsa

Chilichonse cha pamapu chipatsidwe chimodzi mwa zitatuzi.

Kutchinjiriza kotsika mtengo ndi kubwezeretsa bango ndi gumbwa m'mphepete, vetiva ndi nsenjere kumtunda kwake, kenako mitengo yokonda madzi monga mikuyu ndi katope. Bango limaswa mphamvu ya mafunde, limagwira mchenga, ndiponso ndi mobisala tiana ta chambo. Asodzi adzakana kuti likutsekereza maboti ndipo limasunga ng'ona ndi mvuu. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Gwirizanani ndi a BVC malo otseguka okokerapo maboti, otungapo madzi ndi ochapirapo, kwinako kusiyidwe. Bzalani madzi akamaphwa kuti mizu igwire nyanja isanabwerere, ndipo mutchinge mbuzi ndi ng'ombe.

Za khoma la miyala ndi simenti ndinene mosabisa: ndi chimene aliyense amapempha, ndipo kawirikawiri ndi chimene chimawononga ndalama. Mafunde akamenya khoma amabwerera n'kukumba pansi pake, ndipo kumapeto kwa khomalo amadya kwambiri malo a mnansi. Mwini malo ogona alendo akamanga lake, mudzi wa pambali pake ndiwo umalipira. Mabasiketi a waya odzaza miyala amathandiza pa milatho ndi pamisewu, koma akhale opangidwa ndi injiniya, maziko ake okumbidwa mozama. Matumba a mchenga ndi a sabata zochepa chabe. Ndipo chitukuko chachikulu cha m'mbali mwa nyanja chimafunika kuunikidwa ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, malinga ndi lamulo la zachilengedwe la 2017. Mukaona maziko akukumbidwa pagombe, komiti ili ndi ufulu wofunsa ngati chilolezocho chilipo.

Kukweza kumakhudza zinthu zimene sizingachoke panyanja: matandala a miyendo yaitali otha kunyamulika, mashedi a nsomba osakhalitsa, zimbudzi za padoko zomangidwa pamwamba ndi thanki yosadontha.

Nkhani ya mchenga ikhale ndi lamulo lake. Malamulo a pamudzi amagwira wa ngolo, koma lole ya kontirakitala imangodutsa. Kuti akhale ndi mano, pemphani khonsolo iwaike m'malamulo ake ang'onoang'ono, amene amavomerezedwa ndi nduna ya maboma ang'ono.

6. Malo osamukirako

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangolemba kuti "anthu asamukire kumtunda" n'kudumphira pa mutu wina. Kumtunda kuli eni ake. Ngati simukhalira pansi nkhaniyi, mfundo zisanu zapitazi zingokhala mapepala.

Yambani ndi kufunsa chifukwa chimene anthu akhalira pamene alipo. Msodzi wa chilimira amalowa m'madzi usiku n'kutuluka mbandakucha. Injini, nyali ndi ukonde ndi chuma cha mamiliyoni chimene sangachisiye pagombe iye n'kukagona makilomita asanu. Mayi wogula usipa ayenera kukhala padoko boti likamakocheza, apo ayi apeza anzake atamaliza. Tinaona kuchigwa cha Shire anthu akusamutsidwa pambuyo pa madzi osefukira n'kubwereranso, chifukwa kumene anawapititsa kunalibe dimba. Kunyanja zidzachitika chimodzimodzi ngati malo atsopano adula munthu ku ntchito yake. Choncho funani malo apafupi ndithu, ngakhale akhale ochepa, oti munthu n'kuyenda wapansi kupita kudoko. Doko likhalebe malo a ntchito, okhala ndi mosungira zipangizo ndi mlonda wolipidwa ndi BVC, koma pogona pakhale kumtunda kwa mzere.

Kenako pezani mwini weniweni wa malowo. Anyakwawa angathe kuloza thengo n'kunena kuti ndi lopanda ntchito, chonsecho ndi tsala la banja lina limene likudikira ana ake akule. Kumadera a chikamwini mawu omaliza ali ndi mwini mbumba ndi alongo ake, ndipo mgwirizano umene amayi a pamalopo sanaumve udzaphwasuka mwana wawo akadzabwera kuchokera ku Johannesburg. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogoleredwa ndi gulupu, momwe amayi ayenera kukhalamo osachepera atatu. Kumene komitiyi ilipo, nkhani idzere kumeneko. Kumene sinakhazikitsidwe, Gogo Chalo ndi mkulu woona za malo paboma akhalepo pa zokambirana zonse.

Nenani poyera za chipukuta misozi. Banja lopereka munda likutaya chakudya cha zaka zonse zikubwerazi, ndipo kuliuza kuti lichite chifundo n'kulipondereza. Mtengo wa malo, mitengo ya zipatso ndi mbewu uwerengedwe ndi a ofesi ya malo, ulembedwe, ulowe mu pulani ngati ndalama zofunika. Mgwirizano wa pakamwa pansi pa mtengo umatha tsiku limene mfumu yamwalira. Pakhale chikalata chosainidwa ndi opereka, olandira, mafumu ndi khonsolo, chokhala ndi malire oyezedwa, ndipo banja lililonse lisunge kope lake.

Gwirizananinso za malo osiyidwawo. Mantha aakulu a anthu a kugombe, amene nthawi zambiri satchulidwa pamsonkhano pakakhala alendo, ndi akuti tikachoka mfumu igulitsa gombe lathu kwa wachuma, ife n'kumadzaona mpanda pamene panali nyumba zathu. Mantha amenewa sanangochokera m'mutu. Magombe ambiri a ku Mangochi ndi Salima anatsekedwa kale ndi mipanda. Chikalata chinene kuti malo a kunsi kwa mzere adzakhala a mudzi wonse, a bango, doko ndi matandala, ndipo sadzagulitsidwa kapena kubwereketsedwa. Ndiponso mzerewo ugwire aliyense. Tsiku limene anthu adzaone wosauka akuuzidwa kuti achoke pamene nyumba yosanja ikumangidwa pafupi ndi madzi, zikhomo zanu zonse adzazizula, ndipo ine sindidzawadzudzula.

Manda ndi nkhani ya mafumu ndi akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, komiti isalowerere ndi tepi yake. Chimene mungapemphe n'chakuti apatule manda atsopano kumtunda kuyambira tsopano, ndipo akalewo atchingidwe ndi mitengo ndi vetiva. Pamene mafunde ayamba kale kufukula, mafumu ndiwo anene mwambo wake, a zaumoyo athandize.

Pomaliza, madzi akumwa, zimbudzi ndi njira zifike kumalo atsopano anthu asanafike. Ndipo musasamutse mudzi wonse tsiku limodzi. Yambani ndi lamulo loti kunsi kwa mzere pasamangidwenso nyumba yatsopano. Achinyamata okwatira apatsidwe malo kumtunda. Nyumba ikagwa isamangidwenso pomwepo. Okalamba ndi amene ali pakamwa penipeni pa madzi athandizidwe msanga. Lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023 limapatsa boma mphamvu pa malo oopsa kukhalamo, koma kusamuka kumene anthu apanga okha, nyanja ili phee, kumakhalitsa kuposa kothamangitsidwa ndi madzi pakati pa usiku.

7. Lowetsani zonsezi m'mapepala a khonsolo

Chiyambire ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, chitukuko cha boma lililonse chimayenera kukwera motere. VDC imalemba pulani ya mudzi, imene amaitchula VAP. Mapulani a midzi amakumana ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, komwe amasankha zoyambira mothandizidwa ndi alangizi a boma a m'deralo, gulu lotchedwa AEC. Kuchoka apo amapita ku ofesi ya mkulu wa mapulani ndi chitukuko, DPD, n'kuunikidwa ndi akuluakulu a nthambi zonse mu komiti ya DEC. Zotsatira zake ndi DDP, pulani ya boma lonse ya zaka zingapo, imene imavomerezedwa ndi khonsolo yonse. Kumeneko makhansala amavota; mafumu amakhalapo ndi kuyankhula.

Kalembedwe kake n'kofunika. "Kuteteza gombe" si pulojekiti. Lembani chinthu chooneka, malo ake, kukula kwake, opindula, ndi chimene mudzi upereke: kuyeza ndi kuika zipilala pa makilomita akutiakuti a gombe; kusamutsa midadada iwiri ya sukulu yakuti kupita pamalo amene apezeka kale; mjigo umodzi kumalo atsopano a mabanja akutiakuti. Phatikizanipo mapu, manambala a muyeso, maminitsi a msonkhano ndi chikalata cha malo. Ntchito imene malo ake ndi okonzeka imadumpha zinzake pamzere.

Ku ADC mukakumana ndi midzi ya kumtunda imene ikufuna mlatho ndi nyumba ya mphunzitsi, ndipo nkhani ya gombe idzaoneka ngati ya anthu ochepa. Gwirizanani ndi ma VDC onse a m'mphepete mubwere ndi pempho limodzi. Onetsani kuti msika wa nsomba umene khonsolo imatolerapo ndalama za ziphaso uli kunsi kwa mzere. Ndipo pemphani chinthu chimodzi chosafuna ndalama: khonsolo igamule kuti sukulu, chipatala kapena mjigo uliwonse womangidwa ndi ndalama za boma kapena za mabungwe usaikidwe kunsi kwa mzere.

Ngati DDP inalembedwa kale, musadikire ina. Chaka chilichonse khonsolo imasankha ntchito zoti zichitike chaka chimenecho, ndipo khansala wanu angathe kukapereka nkhaniyi ku komiti ya mapulani. Kapereninso kope kwa mkulu woona za chilengedwe ndi woona za ngozi paboma, kuti gombe lanu lilowe m'buku lofotokoza za boma lanu, lotchedwa SEP, komanso mu pulani yokonzekera ngozi imene imaunikidwa mvula isanayambe mogwirizana ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi.

8. Tsatirani ndalama

Chaka cha boma cha ndalama tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho pempho lofika mu Malichi lachedwa. Lifike Disembala asanathe.

Thumba lililonse lili ndi ntchito yake. Kubzala bango, vetiva ndi mitengo kumagwirizana ndi ntchito za M'bwezera Chilengedwe, momwe anthu amalipidwa pogwira ntchito zosamalira nthaka; pemphani kuti gombe ndi mitsinje yothira pamenepo zilowe m'dera losankhidwa. Midadada ya sukulu, mijigo ndi milatho ndi za mathumba a chitukuko monga CDF, thumba la dera la phungu, kapenanso ndalama za GESD zimene makhonsolo amalandira malinga ndi momwe agwirira ntchito. Chipukuta misozi cha malo ndicho chimasowa mwini kawirikawiri, choncho chifunseni mwachindunji pamsonkhano wa khonsolo, yankho lilembedwe m'maminitsi. Mabungwe akabwera ndi thandizo, aonetseni pulani yanu asanakuonetseni yawo.

Bajeti ikadutsa, pemphani kuiona. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kutero. Yang'anani dzina la ntchito yanu ndi ndalama zake. Ngati mulibe, lembani kalata kudzera ku ADC yofunsa chifukwa, musunge kope lodindidwa.

9. Konzekerani Epulo amene akubwerayu

Pulani ya khonsolo imatenga zaka, nyanja siidikira. Khomani ndodo yolembedwa masentimita padoko, mnyamata mmodzi wa komiti aziwerenga Lolemba lililonse kuyambira Januwale n'kulemba m'kope. Gwirizanani pasadakhale kuti madzi akafika pa chizindikiro chakuti, mabanja akutiakuti achoka, apita kwa yani, katundu anyamulidwa ndi ngolo ya ndani. Sukulu ikhale malo othawirako omaliza, chifukwa ana amataya teremu yonse. Machenjezo a mwera ochokera ku nthambi yoona zanyengo azifika kwa wapampando wa BVC tsiku lomwelo, ndipo mankhwala a kolorini akhale kwa alangizi a zaumoyo mwezi wa Malichi usanathe. Mu Juni yezaninso pa malo anu aja, mulembe manambala atsopano pansi pa akale, mutumize kope ku ADC ndi kwa DPD.